Mabango Khumi ndi Limodzi a Kochi Wathu

Timu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, sinatengepo chikho. A Kochi anayamba kuiphunzitsa ine ndili sitandade wani. Ndinasiya sukulu, ndinakwatiwa, ndinabereka mwana, iwo akadali pomwepo ndi kapusi yawo yomweyo. Anali msodzi wopuma ntchito, munthu wosachulutsa mawu.

Ndinkawaopa. Mnyamata akabwera kudzapempha malo mu timu, sankamupatsa mpira kaye. Ankapita naye pamchenga wonyowa, n'kumuuza kuti aponde, kenako n'kuwerama kuyeza phazilo ndi bango. Kwathu kuno munthu wowerama pamene mnzake waponda timamukayikira. Amayi anga ankati ndi zamankhwala, ndipo malume ankayankha kuti, "Mankhwala ake osabweretsa chikho ndi otani? Akawabwezere ndalama zawo." Komabe ine ndikawaona akubwera, ndinkafufuta mapazi anga pamchenga.

Mwamuna wanga anali wotchinga kumbuyo, koma masewero ambiri ankaonera atakhala pa bwato lakale lovundikira limene linali benchi yathu. Ali ndi mapazi aakulu. Anzake ankamuseka kuti akangodutsa m'munda wa mpunga ndiye kuti walima kale. Poti nyumba yathu ili pafupi ndi bwalo, ntchito yochapa zovala za timu inagwera ine, malipiro ake sopo wotsala. Thumba lake linkabwera Lolemba: majezi khumi ndi limodzi, nsapato zampira mapeyala khumi ndi limodzi, basi. Bwalo lathu lilibe mpanda woti anthu alipire polowa. Pankangozungulira mbale, ndipo ena ankaponyamo usipa. Zopezekazo zinkathera oyimbira mpira ndi matola. Koma mpikisano wa chikho sunkalola munthu kusewera wopanda nsapato.

Tsiku lina ndinapeza mtolo wa mabango pansi pa thumba. Mwana wanga, amene ankakwawa nthawi imeneyo, anasolola limodzi. Pomulanda, bangolo linagwera m'nsapato imene ndinali nditayanika, ndipo linagona bwinobwino kuyambira kuchidendene mpaka kuchala. Ndinayesa lina. Nalonso linali ndi nsapato yake. Onse khumi ndi limodzi. Ndikutukula mutu, a Kochi anali ataima potero.

"Mwawaona mankhwala anga, mayi?" anatero.

Anakhala pamchenga n'kundifotokozera ngati ndine wamkulu mnzawo. Wolowa m'bwalo amavala nsapato za wotuluka. Choncho mnyamata aliyense wapabenchi ali ndi mnzake wofanana naye phazi, ndipo ayenera kuphunzira kusewera malo a mnzakeyo kuwonjezera pa ake. "Makochi a m'tauni amasankha ndi maso," anatero. "Ine phazi limayamba landiuza, maso pambuyo." Usiku umenewo ndinafunsa mwamuna wanga kuti mnzake wa phazi ndi ndani. Anati ndi mnyamata wamtali womwetsa zigoli, amene mudzi wonse unkamuimbira nyimbo. Ndinamvetsa chifukwa chimene bwato lija linkamudziwira bwino.

Chaka chimenecho tinafika ndime ya matimu anayi. Tinakumana ndi timu ya cha ku Dwangwa imene inabwera pa minibasi, aliyense nsapato zakezake, ena zapadera m'chikwama. Wamtali uja anamwetsa chigoli ndipo tinatsogola. Titapuma n'kubwerera, wotchinga kumbuyo wathu, kamnyamata ka mapazi aang'ono, anathyoka bondo. Pabenchi wodziwa kutchinga anali mwamuna wanga yekha. Ndinaona a Kochi akuyang'ana pansi, phazi ndi phazi. Kenako anaitana wamtali uja kuti atuluke, avule, mwamuna wanga avale n'kulowa. Nsapato zazing'ono anapatsa mwana wasukulu amene anali asanaphunzire kutchinga, n'kumutumiza kutsogolo. Bwalo lonse linakuwa. Ena anawaponyera zikonyo za chimanga. Anyamata anatchinga mpaka kutsala pang'ono kutha, kenako tinamwetsedwa ziwiri zotsatizana.

Tcheyamani wa komiti anali watsopano, bambo wogula ndi kugulitsa mpunga. Anali atagulira timu mipira iwiri, ndipo ankafuna chikho. Anaitanitsa msonkhano pabwalo Lamulungu masana, nabwera ndi kochi wachinyamata wochokera kuboma. Ine anandituma kuti ndibweretse thumba lija kuti liperekedwe kwa watsopanoyo. Ndinakhala kumbuyo, mwana kumsana.

"Achimwene, sitikudana nanu," anatero a tcheyamani kwa a Kochi. "Koma zaka zonsezi, chikho ngakhale cha pulasitiki? Ndiye munthu wamwetsa chigoli, inu n'kumutulutsa?"

"Mwina analandira chambo kwa mwini mapazi uja," anatero wina, anthu n'kuseka. Mwamuna wanga anazyolika.

A Kochi anavula kapusi. "Tinaluza, ndi zoona," anatero. Sankafuna kuuza mudzi pamaso pa mlendo kuti timu yake ndi yosauka chotere.

Ine pagulu sindilankhula. Ngakhale kusikelo ya mwana ndimayankha ndi mutu. Koma thumba linali m'manja mwanga, ndipo ndikanalipereka, zonse zikanathera pomwepo. Ndinapita kutsogolo, ndinagwada, n'kuyamba kundandalika nsapato pa udzu, yaing'ono kuyamba, bango lililonse pambali pa peyala yake.

"Pepani bambo," ndinatero, "ine ndimangochapa. Koma bambo a mwanayu ayese izi, za amene anavulala uja."

Mwamuna wanga anaimirira n'kuyesa. Zala zokha ndi zimene zinalowa. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ndinamupatsa za wamtali uja, ndipo zinamukwana ngati anabadwa nazo. Kuseka kunayamba kuzilala, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

A tcheyamani anayang'ana mzere wa nsapato uja nthawi yaitali. "Achimwene, zaka zonsezi mwakhala mukusintha osewera chonchi?"

"Zonsezi."

"Osanena bwanji?"

"Ndinauza tcheyamani woyamba, ndinauza wachiwiri. Mbale ija mumaiona nokha ikamabwerera."

A tcheyamani anatola bango limodzi mwachisawawa n'kufunsa kuti ndi la ndani. A Kochi anangoliyang'ana kamodzi. Anatchula amene amavala nsapatozo tsopano, mnzake wapabenchi, amene anavala asanabwere iwowo, ndi wina amene anatengedwa ndi timu yaikulu ku Lilongwe. Anatola lina, zomwezo. Lachitatu anatchulapo mnyamata amene anamira pa nyanja kalekale, ndipo mayi ake, amene anali pomwepo, anaphimba nkhope ndi chitenje. Mapazi a anyamata onse a m'mudzi mwathu, amoyo ndi akufa, anali m'mutu mwa munthu mmodziyu, ndipo ife tinkangowerenga zikho.

Kochi wakuboma uja anafunsa kuti nsapato zapadera zilipo zingati. Atamva kuti palibe, anapukusa mutu. "Madala, ine ndi zimenezi sindikanafika ngakhale ndime yachiwiri," anatero. Anawagwira chanza ndi manja awiri, nakwera njinga yake.

Panalibe kukweza manja kovota. A tcheyamani anangoti, "Mayi, longedzani, mubwerere nalo thumbalo," n'kutembenukira kwa a Kochi. "Zazikulu zija ndi saizi yanji?" Atagulitsa mpunga anabweretsa mapeyala anayi.

Chaka chotsatira tinalekeranso pa ndime yomwe ija, ndipo malume akunenabe zawo zija za mankhwala. A Kochi akadalipo. Lolemba lapitali anabweretsa okha thumba, ndipo mwana wanga, amene tsopano akuthamanga, anadutsa patsogolo pawo pamchenga wonyowa. Anaima n'kuwerama pamene anaponda. Ine sindinafufute.

"Phazi la bambo ake," anatero. "A tcheyamani ayambiretu kusunga."