Kalata Imene Amayi Anakana Kudinda

Ndikukumbukira chaka chimene ine ndi Sisiliya tinasiya kupitira limodzi kusukulu. Ndinali mu Sitandade 4, kumudzi kwathu chakumtunda kwa Lobi, kumene m'nyengo yachisanu chifunga chimatseka phiri mpaka munthu kumangomva mawu a mnzake osamuona. Sisiliya ankakhala tsidya la khwawa. M'mawa uliwonse ankandidikira pamphambano, manja atapisa m'khwapa, ndipo tinkagawana mbatata ya kachewere yootcha imene inkayamba yatifunditsa m'manja tisanaidye.

Madimba a makolo athu anagundana, ndipo ankamwa madzi a ngalande imodzi. Chaka chimenecho madzi anachepa. Malume anga, a Gerevazio, ndi bambo ake a Sisiliya, a Lameki, anayamba kutsekerana ngalande. Uyu akatsegulira kwake, winayo ankabwera n'kuikapo chibuma. Tsiku lina masana anakumanizana pomwepo, aliyense khasu lili m'manja. Amene anali m'madimba oyandikana anamva kukalipirana, kenako kunangoti zii. Malume anatsirizikira pa ngolo asanafike kuchipatala. A Lameki sanathawe. Apolisi anawapeza atakhala pa mzere wa kabichi, khasu lili pambali.

A Gerevazio anali mlongo wawo yekhayo wa amayi, ndipo ndiwo anawalera makolo awo atamwalira. Ndiwonso ankandimeta ndi sizasi yobuntha n'kumandiuza kuti ndakongola, pamene mutu unkaoneka ngati munda wolimidwa ndi mlesi. Maliro atatha, amayi anandiletsa kuwoloka khwawa. Anasintha. Ankayamba kusesa, n'kusiya tsache pakati pa bwalo, n'kukaima kuseri kwa nkhokwe akuyang'ana kudimba. Nthawi zambiri ndinkawamva akuuza abambo kuti mtima wawo sudzakhala pansi mpaka munthu ameneyo atalawa zimene analawitsa mnzake.

Patapita miyezi yambiri, uthenga unafika woti khoti lagamula kuti a Lameki akanyongedwe ku Zomba. Ife ana sitinkadziwa bwinobwino kuti kunyonga munthu kumachitika bwanji. Tinkakangana pobwera kusukulu. Ena ankati kuli chimakina, ena ankati kuli bambo wina amene ntchito yake ndi yomweyo basi, ndipo amalandira malipiro pakutha pa mwezi ngati mphunzitsi. Sisiliya ankayenda yekha kumbuyo kwathu, patali ndithu.

Tsiku lina pa nthawi yopuma tinakumana pa masewera a phada, ndipo anandipambana monga ankachitira kale. Anzathu ataseka, mawu anangotuluka m'kamwa mwanga.

"Bambo ako akawapotokola khosi ngati nkhuku."

Sanalire. Anaika timiyala take pansi kamodzikamodzi, n'kupukuta manja pa diresi, n'kukalowa m'kalasi. Nkhani inakafika kunyumba ine ndisanafike. Amayi anathyola kanthambi ka pichesi n'kundikwapula m'miyendo, akunena kuti amenewo si mawu otuluka m'kamwa mwa mwana wa munthu. Ndinalira kwambiri, osati chifukwa cha ululu wokha, koma sindinkamvetsa kuti ndalakwa chiyani pamene iwo eni ankafuna zomwezo.

Pa nyengo yomenya nyemba, amayi ake a Sisiliya anabwera kwathu pamodzi ndi akatekisiti a kutchalitchi kwathu. Ine ndi amayi tinali pabwalo tikupeta, mankhusu akutiyabwa m'khosi. Mayiwo anakana mpando, anagwada pa dothi. Akatekisiti anatulutsa pepala m'buku la nyimbo n'kufotokoza kuti ndi kalata yopita kwa akuluakulu a boma, yopempha kuti a Lameki asaphedwe koma akhale m'ndende moyo wawo wonse. Anati bambo mfumu anathandiza kulemba, ndipo kalatayo ingakhale ndi mphamvu ngati abale a womwalirayo atadindapo chala. Anabweretsa ndi kabotolo ka inki komwe.

Amayi anapitiriza kupeta kwa kanthawi. Kenako anaika lichero pansi.

"Amake Sisiliya, inu simunandilakwire, ndipo dzukani pa dothipo. Koma mlongo wanga uja, alipo amene anamupatsa mpata wolemba kalata?"

Mayiwo anangoti akudziwa, ndipo sakupempha kuti mwamuna wawo abwerere kumudzi, akungofuna kuti ana azidziwa kuti bambo awo akupuma kwinakwake. Amayi anapukusa mutu. Akatekisiti anabwezera pepala m'buku, ndipo anthu awiriwo anatsika kukhwawa. Nyemba zija sitinamalize kupeta tsikulo.

Sindikudziwa ngati chala cha amayi chikanasintha kanthu. Mwina kalatayo ikanangogona mu ofesi ina. Chimene ndikudziwa n'choti mvula itayamba, m'mawa wina tinamva kulira tsidya lija. Thupi silinabwere. Kunangobwera mawu ndi kathumba ka zovala, choncho achibale anakulunga thunthu la nthochi mu nsalu n'kukaliika kumanda, kuti pakhale poloza.

Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo amayi asangalala. Ndinkawayang'anitsitsa kudikira kuti nkhope yawo imasuke. Koma anatenga khasu n'kupita kumunda wakumtunda, kumene nyimbo za maliro sizinkafika bwino, ndipo anapalira mpaka dzuwa kupendeka osamwa ngakhale madzi. Pobwera anandifunsa ngati anthu anali ambiri kumanda. Ndinati sindikudziwa. Anafunsanso abambo funso lomwelo.

Patangopita masabata ochepa, Sisiliya ndi amayi ake anasamukira kwa achibale awo kwa Kaphuka. Sindinatsanzikane naye. Ndakhala ndikufunsa anthu a kumeneko pa misika ya mbatata, koma ena amati anakwatiwa ku Mozambique, ena sakumudziwa n'komwe.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ndimamva kuti papita zaka zambiri boma lisananyonge munthu, ndipo kukachitika kupha kwankhanza, pa wailesi ndi m'maminibasi anthu amati chingwe chibwerere. Ena amatsutsa, n'kumati moyo ndi wa Mulungu. Onse amalankhula mosakayika, ndipo ndimawasirira. Ine ndikamva za mwana wophedwa, magazi amawira, ndimati wochita zimenezo afe basi. Ndikafika kunyumba maganizo amatembenuka, ndimayamba kuwerenga anthu ena amene chingwecho chimakola ali kumudzi. Mawa lake ndimabwereranso pa maganizo oyamba.

Amayi akalamba tsopano, maso sakuona bwino. Ulendo wapitawu ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde, ndipo ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti pepala lija likanabwera lero akanatani.

"Ndikanakananso," anatero. "Koma usaganize kuti mtima unakhala pansi. Ndinkalira munthu mmodzi, kuyambira tsiku lija ndimaganiza anthu awiri."

Ndinafuna kufunsa zina, koma anati mphepo yayamba, ndiwathandize kulowa m'nyumba.