Chipsera cha m'mapapo mwa abambo

Abambo anga ankayang'anira alonda a nyumba zitatu zosanja ku Al Nahda, m'dziko la eni kutsidya la nyanja, ndipo ine ndinkaphunzira ku koleji kudzera pa chiphaso chawo chokhalira m'dzikomo. Iwo akanabwezedwa kumudzi, nanenso ndikanasiya maphunziro m'chaka chachiwiri.

Nthawi yokonzanso chiphasocho itafika, anawajambula m'chifuwa monga mwa lamulo. Dokotala anaona chipsera m'mapapo. Anati abwerenso Lachinayi kudzafotokoza chiyambi chake, chifukwa chikakhala cha chifuwa chachikulu chakale, nkhaniyo ikhoza kuthera pabwalo la ndege.

Ine ndinkachidziwa chiyambicho. Amayi anandinong'oneza kale kuti abambo anabadwira ku Tete, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ankalamula gulu la asilikali lolondera mlatho. Kachitsulo ka bomba kanawalowa m'nthiti. Atawolokera ku Dedza, akuluakulu anawagoneka m'chisakasa kunja kwa mudzi, nawapatsa mbale yawoyawo. Kenaka anatentha yunifolomu yawo pamphambano, anawasambitsa mankhwala kumtsinje, nawalamula kuti asadzatchulenso za nkhondoyo, kuopa kuti mizimu ya amene anafa ingamve ndi kuwalondola.

Masiku atatu ndinawachonderera.

"Bambo, mungonena mawu awiri okha. Bomba, nkhondo. Basi."

"Iwe, sukulu yakuphunzitsa kuti mawu ali ndi muyeso?"

"Nanga simuli mkulu wa mpingo? Mukuopa chiyani?"

"Ndine mkulu wa mpingo amene anasambitsidwa. Khalas, nkhani yatha."

Ndinati ndinena ndine. Anakana, nati mlandu wa mwini sausenzetsa mwana. Ndinalemba nkhaniyo papepala kuti angopereka. Analipinda bwinobwino n'kulibweza m'buku langa. Ndinaimbira amayi ku Dedza, koma iwo anangolira. Lachitatu ndinalowa m'kalasi ndi kuyang'ana mpando wanga ngati wa munthu wina.

Lachinayi tinachedwa pamsewu wa ku Sharjah, galimoto zitathithikana. Pomaliza tinafika kuchipatala. Dokotalayo, mayi wachikulire, anaonetsa chithunzi chija ndi kufunsa ngati anadwalapo chifuwa chachikulu. Abambo anapukusa mutu. Anafunsanso kuti nanga chipserachi chinabwera bwanji. Abambo anayang'ana khoma. Mayiyo anadikira, kenaka anatenga cholembera ndi kuyamba kudzaza fomu ina yofiirira, ya anthu obwezedwa kwawo.

Sindikumbukira kuti ndinagwada liti. Ndimangokumbukira kuzizira kwa matailosi m'mawondo mwanga, ndi dzanja langa litagwira buluku la abambo.

"Dzuka, mwanangu, anthu akuona," anatero. Anavula malaya, naimirira mowongoka mmene sindinawaonepo. "Umasulire. Usakometse."

Anayankhula m'Chichewa chosakanikirana ndi Chipwitikizi. Anatchula udindo wawo, mlatho, ndi m'mawa umene analamula anyamata awo kuti asathawe. Anawatchula mmodzimmodzi, ndi mudzi wa aliyense. Dokotala ankangofuna chaka ndi malo a bala, koma abambo atayamba sanathe kuleka. Ine ndinamasulira zonse. Mayi uja anang'amba fomu ija, nawatumiza kukajambulidwa ndi makina ena, amene anakapeza kachitsuloko katabisala kuseri kwa nthiti.

Chiphaso chinatuluka. Ndikupitirizabe maphunziro.

Koma tsiku lomwelo abambo anagula mbale ndi kapu zapulasitiki. Amadyera pakhonde, kukutentha kapena ayi, ndipo salola kuti ndiwachapire zovala. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, sagwirana chanza ndi munthu.

Ndinawafunsa kuti zimenezi zidzatha liti.

"Ndikadzasambanso," anatero.

"Ndani angakusambitseni kuno?"

"Amene ankadziwa mankhwalawo anamwalira iwe usanabadwe." Anapukuta mbale yawo, naiika payokha pamwamba pa firiji. "Pita, basi ingakusiye."