Tindevu ta Amayi M'nyengo ya Mwera

Chinali chivundikiro cha kachitini ka polishi wa nsapato, chopindika mbali imodzi, ndipo tinkachisomeka mu udzu wa mpanda wa bafa lathu. M'menemo munkakhala phulusa. Silinali phulusa wamba longotapa pamoto, koma losefa pa kansalu mpaka lisalale ngati ufa woyera. Loweruka lililonse m'mawa, dzuwa likafika pa mwala wosambirapo, amayi ankandiitana osanena chimene akundifunira, ine n'kudziwa kuti nthawi ya ntchito yathu yakwana.

Amayi anali ndi tindevu pamwamba pa mlomo. Sitinali tambiri, koma tinali takuda, ndipo ta m'mbali mwa kamwa tinali tolimba. Lezala ankaikana kwamtuwagalu, ati ukameta zimaphuka ngati udzu wotchetcha m'dzinja. Choncho tinkazula. Iwo ankakhala pamwala paja n'kuyang'ana kumwamba, mlomo atauluma kuti khungu likungike. Ine ndinkaviika nsonga za zala m'phulusa kuti kaubweya kasaterereke, n'kumakoka kamodzikamodzi ndi zikhadabo. Misozi inkawatsika yokha mpaka m'makutu, koma sankadandaula. Ndikaleka ankafunsa kuti, "Zatha?" Ine ndinkayankha kuti zatha, iwo n'kudzola mafuta, n'kubwerera ku makina awo.

Ntchitoyi inali yanga chifukwa cha maso awo. Bwato lili pakati pa nyanja ankaliona bwinobwino, mpaka kukuuza kuti muli anthu angati, koma bowo la singano linkawasowa. Anali telala, ndiye ulusi ndinkalowetsa ndine ndisanapite kusukulu. Pagalasi nkhope yawo ankangoiona mbuu. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinkadzimva kwambiri kuti m'nyumba muja popanda ine palibe chingayende. Mwana akamadzimva chonchi pamafunika womutsitsa, koma tinalipo awiri okha.

Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu. Ku Nkhudzi tinapita chifukwa bambo anatumizidwako ngati mlangizi wa za nsomba, ndipo atamwalira, patatha zaka zitatu tili kumeneko, amayi anakana kubwerera kumudzi. Anati makasitomala awo ali kunyanja. Tinatuluka m'nyumba ya boma n'kukakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, kumene fungo la nsomba linkalowa ngakhale mu nsalu zatsopano.

Chifukwa chimene tinkabisira tindevu tija ndinachimva pa mjigo. Azimayi ankanena za mayi wina wogulitsa nkhuni, kuti mkazi wa ndevu mwamuna sakalamba m'nyumba mwake, amatsogola ndi mwamunayo basi. Ankanena akuseka, uku akutsuka ndowa. Lero ndikhoza kukuuzani kuti ndi bodza la nkunkhuniza, tsitsi ndi tsitsi. Koma amayi anali ataika kale mwamuna mmodzi m'manda, ndipo anali mlendo pamalopo.

Chaka chimenecho mwera unawomba mwamphamvu. Mchenga unkalowa m'mano, milomo inkang'ambika, asodzi ankangokhala pansi pa mitengo kusoka maukonde poti nyanja sinkaloleka. Ndi m'nyengo imeneyo pamene aphunzitsi anga a sitandade folo anayamba kung'ambikiridwa zovala. Lolemba batani, Lachitatu thumba, Lachisanu zipi. Munthu wamkulu, wofatsa, woyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira, koma mathalauza ake ankang'ambika kuposa a anyamata okwera m'mitengo ya mango. Mkazi wawo anali atamwalira kalekale. Ankakhala pa benchi ya pakhonde kudikira batani limodzi kwa ola lathunthu, akufunsa "amayi telala" za ku Ntcheu, ngati mbatata ya kachewere imachitabe bwino. Amayi ankaseka. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala, ndipo m'malo moti ndikondwere, kunkandinyansa.

Kenaka kunabwera amalume kuchokera ku Ntcheu, atavala jekete la maliro ndi maukwati. Iwo ndiwo anali nkhoswe ya amayi. Masana ena ndikusenda chinangwa kuseri kwa khomo, ndinawamva akunena kuti alongo awo a aphunzitsi abwera kuchokera ku Chowe pakatha masabata atatu, kudzaona mkazi amene mlongo wawo wamufuna. Kenaka anatsitsa mawu.

"Mwanayu ndimutenga ine, achemwali. Akakhale kwathu chaka chimodzi kapena ziwiri, banja latsopanoli liyambe lakhazikika."

Ndinadikira kuti amayi akane. Ndinamva makina okha akulira, kenaka lumo likudula nsalu. Sanayankhe chilichonse, ndipo kwa ine kukhala chete kuja kunali kuvomera. Ndinadzicheka chala ndi mpeni, magazi n'kudontha pa chinangwa choyera, koma sindinalire. Mtima unali utauma gwa.

Loweruka lotsatira anandiitana monga mwa masiku onse. Ndinaviika zala m'phulusa, ndinaweramira pa nkhope yawo, ndipo m'malo mogwira kaubweya ndinatsina khungu. Anatsinzina, misozi n'kutsika. Ndinasuntha pang'ono n'kutsinanso. Ndinayenda mlomo wonse chomwecho, kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo, osazula ndi kamodzi komwe. Sindinganame kuti ndinachita mosaganiza. Ndinali nditaganiza sabata yonse, ndipo ndinkadziona wochenjera kwambiri.

"Zatha?"

"Zatha, amayi."

Loweruka lachiwiri ndinachitanso chimodzimodzi. Lachitatu, lomwe linali tsiku loti mawa lake alendo afika, tindevu tinali titatalika moti ndinkatiwona ndili pakhomo la bafa. Amayi anakhala pamwala nthawi yaitali tsiku limenelo ndisanayambe, akundiyang'ana. Anandikonza kolala ya diresi, anandichotsa kaudzu m'tsitsi, kenaka anayang'ana kumwamba n'kuluma mlomo. Ndinawatsina mpaka pakhungu panatupa. Amalume akanatha kuwachenjeza, koma iwo anali atapita ku boma kukaona mnzawo wa ku usilikali, ndipo anabwera m'mawa wa tsikulo pa galimoto imodzi ndi alendowo.

Anabwera azimayi awiri titangotuluka m'tchalitchi. Wamkuluyo anali wamfupi, wamaso akuthwa, atamanga duku lobiriwira. Amayi anavala diresi labuluu limene anasoka okha, ndipo anagwada powapatsa moni pakhonde, pamene dzuwa linkawomba nkhope yonse. Ndinali nditagwira beseni la madzi osamba m'manja, ndiye ndinaona zonse. Maso a mayi wa duku uja anatsika kuchoka pa maso a amayi n'kuima pamlomo. Sanachokepo msanga. Anagwira mnzake pa bondo, n'kunong'ona m'Chiyao. Amayi Chiyao ankangodziwa cha moni ndi cha mitengo ya nsalu, koma ine ndinkasewera ndi ana a asodzi tsiku lililonse. Mayi uja anati: mwamuna woyamba uja mwati anafa ndi chiyani?

Anadya mwaulemu, anayamikira chambo, anayamikira ndi kusoka kwa diresi. Aphunzitsi, amene anawaperekeza, anakhala kumapeto kwa mkeka, akupukuta magalasi awo kosalekeza. Potsanzikana alendowo anati akatumiza mawu.

Mawuwo sanabwere. Amalume anadikira masiku anayi, kenaka analongedza chikwama chawo mokwiya. Ndinawamva akukalipira amayi kuti mkazi wamkulu amalandira bwanji alendo otere osadziyang'ana nkhope, pamene akudziwa pakamwa pa anthu. Ndinadziwa kuti dzina langa lituluka tsopano.

"Ndinaiwala, achimwene," anatero amayi. "Ntchito inandichulukira."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaganiza kuti mwina asokonezeka masiku, kapena akuchita manyazi kuuza mlongo wawo za kubafa kuja. Amalume anakwera galimoto okha, ine ndinatsala, ndipo ndinathamanga kukasewera fulaye mpaka miyendo inatuwa. Ndimachita manyazi kunena izi, koma tsiku limenelo ndinali wosangalala kuposa mwana aliyense ku Nkhudzi.

Zovala za aphunzitsi zinasiya kung'ambika. M'kalasi sanandisinthire nkhope, ankandichongera masamu ngati kale, ndipo tsiku lina anandipatsa pensulo yatsopano osanena chifukwa. Sindikudziwa ngati iwo ankakhulupirira za ndevuzo. Ndikuganiza kuti ayi, kungoti anali munthu wosatha kutsutsana ndi alongo ake, ndipo pa chimenecho ndimawaimbabe mlandu pang'ono, ngakhale wanga ndi waukulu. Teremu itatha anapempha kusamukira ku Makanjira. Benchi ya pakhonde amayi anailowetsa m'nyumba n'kumaikapo nsalu.

Loweruka loyamba alendo aja atapita, anandiitanso kubafa. Ulendo uno ndinazula zenizeni, ndipo zinali zambiri, zazitali, zina zotuluka ndi kamuzu koyera. Nditamaliza sanafunse funso lawo lija. Anangoti, "Lero ndiye wazula," n'kudzola mafuta. Ine ndinamva ngati akundiyamikira.

Amayi sanakwatiwenso. Anasoka mpaka maso anatheratu, anandiphunzitsa mpaka ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku boma ku Mangochi, ndipo anamwalira m'nyumba mwanga zaka ziwiri zapitazo. Nkhani ya aphunzitsi aja sitinaikambepo ndi tsiku limodzi. Kangapo konse ndinafuna kuulula, makamaka pamene ndinkawasambitsa atadwala, koma ndinkadziuza kuti n'kuwapwetekeranji ndi chinthu chimene sakuchidziwa.

Chaka chatha, ndili pa desiki kuntchito, chala changa chinapita chokha pamlomo n'kupeza kaubweya kamodzi. Kanali kakafupi moti pagalasi la m'chimbudzi ndinachita kukafufuza, koma chala chinakapeza nthawi yomweyo, ndipo tsiku lonse chinkangobwerera pomwepo. Ndinakhala pansi osalembanso kanthu. Ndinalira anzanga akuona, ndipo sindinathe kuwafotokozera.

Kamtsikana ka zaka khumi kaja kankaganiza kuti kapusitsa munthu wosaona bwino. Sikankadziwa kuti mkazi tindevu take satiwona ndi maso, amatimva ndi chala, akamasamba, akamadzola mafuta, akamaganiza. Sikankadziwa kuti ululu wa kuzula ndi wa kutsina ndi wosiyana, ndipo munthu amene wazulidwa kwa zaka sangausokoneze. Amayi akanatha kupempha mayi woyandikana naye, akanatha kutenga lezala ija kamodzi kokha. Kaya anali atasankha kale kundipereka kwa amalume kapena ayi, sindidzadziwa, chifukwa sindinawafunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti Loweruka atatu otsatizana anakhala phee pamwala paja mwana wawo akuwatsina, anamufunsa ngati zatha, anamva bodza lake, ndipo tsiku la alendo anatuluka kukagwada padzuwa pamaso pa anthu aja akudziwa chimene chili pankhope pawo.