Kalata ya ku Joni

Amuna anga ankaphunzira malamulo a zamalonda kudzera pa positi, ati adzakhale loya wa makampani. Makalata ankachokera ku Joni mwezi uliwonse, koma ine mtima sunkakhazikika. Sukulu yanji yosaoneka mphunzitsi?

Tsiku lina, iwo ali kuntchito kusiteshoni ya Mtakataka, ndinatsegula imodzi. Chingerezi changa cha kusukulu ya ku Mua chinathera pa liwu loyamba: "Dear." Wokondedwa! Ndinakaiponya m'chimbudzi, mwana wathu Rozina ali kumsana.

Mwezi wotsatira inabwera ina yofunsa chifukwa chimene sanakalembere mayeso ku Zomba.

"Amake Rozina, simunalandire kalata yondiitana?"

"Ayi," ndinatero, maso ali pansi.

Chaka chonse chinapita pachabe, ndipo sindinawauzebe. Malaya amene anavala pokalalatira kalaliki wa positi ndinasita ndine.