Pempho la Katswiri wa Mankhwala

Kukangoyera kum'mawa, abambo a m'nyumba ya pakona amakhala atavala kale jasi lawo loyera. Amafulumira kupita ku labotale kukayeza makoswe awo phokoso lisanayambe, poti khoswe akadzidzimuka magazi ake amathamanga, muyeso n'kunama. Ndi katswiri wa mankhwala, ndipo imvi zawo zonse zamerera pa funso limodzi: kodi ubongo umalamulira bwanji kuthamanga kwa magazi?

"Mtima ndi wantchito chabe," amatero akudzigogoda pankhongo. "Bwana wake ndi ubongo, umene Mulungu anaubisa muno."

Akazi awo amadandaula moseka kuti ali pamitala ndi makoswe, koma mlendo akafika ndi iwo amene amayamba kutamanda ntchito ya amuna awo.

Chaka chatha matenda a kuthamanga kwa magazi omwe amawafufuzawo anawagwetsa eni ake, mkono wamanzere n'kufa. Mayiwo anagwada pambali pa bedi kuchipatala kupemphera. Potsegula maso anapeza odwalawo ataitanitsa ophunzira amene amawaphunzitsa za mankhwala.

"Sendezani kuno, ana inu! Taonani m'mene pakamwa pakhoteramu. Ndiuzeni, ndi mbali iti ya ubongo yavulala?"

"Inu bambo, ngakhale imfa mukufuna kuisandutsa kalasi?" anatero mayiwo akupukuta misozi.

Ophunzirawo atatuluka, bambowo anagwira dzanja la akazi awo.

"Mayi, Mwini moyo akadzandiitana, ubongo wangawu mudzaupereke kwa anawa aphunzirepo. Mwavomera?"

Mayiwo amawanyadira amuna awo kwambiri, koma mtima wawo umafuna kudzawagoneka m'manda athunthu. Anawakonzera pilo, n'kuwafunditsa bulangeti. Bambowo anachira ndipo anabwerera kuntchito, koma mpaka lero akudikirabe yankho.