Mapiritsi a khofi amene ndinagulira mayi

Mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomo panga pamamwedwa khofi. Ena tiyi, ena thobwa, ife khofi. Ndinamuphunzira ndili mnyamata, ndikuphikira azungu ena cha ku Mua, ndipo nditakwatira ndinawaphunzitsa mayi a kunyumba. Tsiku loyamba analavula. "Abambo, mwandipatsa madzi a nimu?" Chaka chisanathe anali iwo ondidzutsa kuti madzi awira.

Khofi wathu sanali wa azungu uja wakuda bii. Supuni imodzi ya ufa inkakwana ketulo yonse, kenako shuga, makapu akuluakulu. Aliyense atatu, pang'onopang'ono, tikukangana za mbuzi ndi za ana. Tinakalamba choncho.

Ndiye kunabwera BP. Mayi ankadandaula chizungulire, ndinawaperekeza kuchipatala. Anamwino atawamanga chija pamkono anagwedeza mutu. "Amayi, magazi akuthamanga kwambiri. Mapiritsi awa tsiku lililonse. Mchere muchepetse, khofi muyambe mwasiya."

Ndinayankha ndine, mokweza, mpaka odwala a pabenchi anatembenuka. "Khofi anapha ndani? Azungu amene ndinkawaphikira anafa ndi mano awo onse!"

Mayi sanatsutse. Anasiya. Koma thupi linali litazolowera. Mutu unkawawawa tsiku lonse, ankasinza atakhala pamphasa dzuwa lili pamutu. Ndipo inali nthawi yowokera mpunga. Mbande zinali zitakula kunazale, madzi ali m'munda, anzathu oyandikana nawo atafika kale pakati. Ine zaka zonse ndinkadzitama kuti pamunda panga sipaponda waganyu, ine ndi mayi basi, ndipo timamaliza oyamba. Chaka chimenecho mnzanga wa munda wa kumtunda anayamba kundiseka. "Achimwene, chaka chino mukolola Khirisimasi ya chaka chamawa?"

Tsiku la msika ku Mtakataka ndinapeza munthu atayala mabotolo pasaka, akuitana ndi chimkuzamawu. Ndinamufotokozera za mayi, koma za BP sindinatchule, iyenso sanafunse. Anatola kabotolo koyera. "Madala, uyu ndi khofi yemweyo, koma wa mapiritsi. Oyendetsa mathiraki amamwa omwewa. Tulo balala, mutu phee."

Pabotolopo panali zolemba za Chizungu, zing'onozing'ono. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2. Chichewa ndimalemba chomwechi, Chizungu ayi. Koma panali anthu, ndiye ndinalitembenuza botololo uku ndi uku, ndikugwedeza mutu ngati ndamva. Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa ku Golomoti, kabaza akanandifikitsa msanga. Ndinati ine ndikafunse mwana amene ndinamusintha matewera?

Maganizo anga anali awa, ndipo mpaka lero ndikadzifunsa ndimapeza kuti madala ambiri a msinkhu wanga akanaganiza chimodzimodzi. Anamwino analetsa khofi wakumwa. Koma piritsi ndi mankhwala. Chibadwire, piritsi limachokera kuchipatala, limachiza. Ndinkaona ngati khofi akamuika m'piritsi ndiye kuti amuchotsa zoipa zonse. Kawerengedwe kakenso ndinakapanga ndekha: piritsi limodzi, kapu imodzi.

"Anamwino aja avomera zimenezi?" anafunsa mayi.

"Anamwino abwera kudzakuwokerani mpunga? Imwani, mayi. Inenso ndimwa."

Tsiku loyamba anamwa limodzi. Mutu unasiya. Anawokera akuimba nyimbo za kwaya, ine ndikukuwira mnzanga uja kuti ayang'ane kuno aone ntchito. Tsiku lachiwiri ndinawapatsa awiri. Tsiku lachitatu ndinati tibwerere pa mlingo wathu wakale, atatu, ndipo anamezera limodzi ndi madzi a m'chigubu, m'mimba muli phala lokha.

Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Dzuwa litakwera ndinaona mbande zikuwapulumuka m'manja. Zala zinkanjenjemera.

"Abambo, mtima ukugunda ngati akusinja mumtondo."

Wanganso unkagunda choncho, thukuta lili kamukamu. Ndinaseka. "Ndiyo mphamvuyo, mayi! Ikulowa!"

Anakakhala pamlambala wa munda, atagwira mutu. "Ndipumeko pang'ono."

"Watsala mzere umodzi. Mukapuma kunyumba."

Anadzuka. Zaka zonse ndikanena, ankadzuka. Anaponda kawiri, katatu, n'kugwa chafufumimba m'madzi. Nditawatembenuza, pakamwa panali patapotoka, dzanja lamanja lili lendee. Mnzanga amene ankandiseka uja ndiye anathamanga kukatenga ngolo.

Kuchipatala adokotala anati ndi sitiroko. Anandifunsa ngati mayi anamwa china kupatula mankhwala a BP. Ndinati palibe. Ndinanama maso ali gwa. Koma mwana wanga, powasintha zovala mayi ake, anapeza kabotolo kaja atakamangirira pansonga ya chitenje. Ankakasunga bwino, poti n'kopatsidwa ndi amuna awo.

Adokotala anawerenga pabotolopo, n'kundikhazika pansi. Sanakalipe. Anati chimene chimachotsa tulo mu khofi amachitcha kafini, ndipo m'mapiritsimo muli chomwecho, chokhachokha. "Mukapu, bambo, chimabwera ndi madzi ambiri. Chimatentha, chimawawa, mimba imadzaza, munthu amasiya yekha. Piritsi silikuuzani kuti basi. Limodzi lokha likhoza kuposa khofi wanu wosungunula uja kutalitali, ndiye atatu nthawi imodzi, padzuwa." Anatinso sanganene kuti ndi mapiritsi okha, poti BP inalipo kale, sitiroko ikanatha kubwera tsiku lina lililonse. "Koma munthu wa BP sitimupatsa izi. Ndipo pabotolopa analembapo."

Mawu oti ikanatha kubwera tsiku lina ndinayesa kuwagwiritsa. Sakugwirika.

Panja mwana wanga anandiimitsa pansi pa mtengo. "Ababa, bwanji osandifunsa?"

"Ndinawerenga ndekha."

Anandiika botolo lija m'manja. "Werengani."

Ndinaliyang'ana. Anadikira. Kenako analitenga n'kubwerera kwa mayi ake.

Mayi anatuluka m'chipatala osayankhula, mbali imodzi yakufa. Ndinkawasambitsa ndekha, kuwamwetsa phala, kuwatulutsa pakhonde kuti awombedwe mphepo. Azimayi a kumpingo ankati si amuna onse angatero. Alamu anga, achimwene awo a mayi, anandigwira dzanja nati, "Alamu, mlongo wathu anapeza mwamuna." Ndinalandira mawuwo. Mwana wanga anali pomwepo, anayang'ana kumbali.

Tsiku lina masana, titatsala awiri, ndinagwada pamphasa pawo. Ndinawauza zonse: kuti sindinawerenge, kuti wogulitsa uja sindinamuuze za BP, kuti kwa adokotala ndinanama. Ndinati, "Mayi, munapempha kupuma, ine ndinakana. Ngati mwandikhululukira, finyani dzanja langali."

Dzanja lawo lamanzere linali lamoyo, ankagwira nalo supuni. Ndinaika langa m'menemo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Dzanjalo silinafinye, komanso sanalichotse. Sindikudziwa ngati mawu anga ankafika. Ndinafunsanso mawa lake, ndi mkuja wake, chimodzimodzi.

Anamwalira mpunga utangoyamba kubereka, Lachinayi m'mawa, ndikuwapukuta kumaso.