Mkango wa Pakhomo la a Haberkorn

Ottilie Haberkorn anabadwira m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yopendekeka ija ili pangodya ya bwalo la msika, ndipo sanaikondepo ngakhale tsiku limodzi. Inali ya makedzana, yamitanda yakuda, ndipo iye ankati zaka mazana onsewo inkangodikira munthu woti imugwere. Pansi pake panali potsetsereka moti ukagwetsa mbatatesi kukhitchini, unkakaitola pabalaza. M'nyengo yachisanu mphepo inkalowa osagogoda.

Bambo ake anali ndi butchala pansi pa nyumbayo. Ankapha nkhumba Lolemba, napanga soseji Lachiwiri, ndipo Ottilie anakula akutsuka matumbo m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi. Bambowo atamwalira, Ottilie anatseka butchala popanda kukhetsa msozi, nakayamba ntchito yogulitsa buledi tsidya lina la bwalo. Anagwira kumeneko zaka makumi atatu, atafulatira nyumba yakeyo.

Mwamuna wake, Ekkehard Lutz, anali mphunzitsi wa masamu wochokera kumpoto. Analowa m'nyumbamo ndi sutikesi imodzi ndi ambulera. Nthawi yonse imene ankaphunzitsa, anali munthu wopiririka: ankadya zimene wapatsidwa, nalankhula kwa ana a eni. Vuto linayamba atapuma pantchito, pamene kukamwa kwake kunasowa kalasi.

Tsiku lina anakanda khoma lakumaso ndi mpeni, napeza mtanda pansi pa pulasitala. Basi. Chaka chathunthu anakhala pamakwerero akupalasa khomalo ngati nkhuku ya njala, mpaka mitanda yonse inaonekera. Alendo a m'mabasi anayamba kuima n'kumajambula, ndipo mutu wa Ekkehard unakula. Analengeza kuti nyumbayo anamanga ndi meya wina wolemera wa kale. Bowo lakuda la m'chipinda chapansi linasanduka njira yachinsinsi yopita kulinga lapaphiri. Pamwamba pa chitseko anapezapo kanyama kosema, kamiyendo inayi, kamutu waukulu, ndipo anati ndi mkango, chizindikiro cha banja la meyayo. Anasoketsa mkanjo wofiira ndi chipewa cha nthenga, ndipo Loweruka lililonse ankaima pakhomo kufotokozera alendo za "makolo athu". Makolo athu, munthu wa sutikesi imodzi. Mkamwini akakula mwendo amatero.

Ottilie ankadziwa bwino za mkangowo. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene bambo ake, atakhuta mowa pa chikondwerero cha zokolola, anakwera pampando n'kusema kanyamako ndi mpeni wosendera. Ankafuna nkhumba, chizindikiro cha butchala yawo, koma inatuluka yopanda mchira, khosi lotupa. Mayi ake anachita nayo manyazi, nauza omanga kuti aimate.

Ottilie sanamuuze mwamuna wake. Zaka khumi ndi ziwiri ankasita mkanjowo Lachisanu, Loweruka n'kumaonerera pawindo la shopu ya buledi mwamuna wake akutambasula manja ngati m'busa. Mnzake wapantchito, Waltraud, yemwe ankadziwa nkhaniyo, anamufunsa chifukwa chake sakumupulumutsa munthuyo. Ottilie anayankha kuti choonadi umauza munthu amene ukumulemekeza, napitiriza kudula buledi.

Anadzikumbira yekha dzenje Ekkehard. Ankafuna chikwangwani chamkuwa pakhoma, ndipo akuluakulu a tauni anati sangachiike popanda umboni. Iye analembera akatswiri a nyumba zakale kalata yamasamba asanu ndi atatu. Kunabwera mayi wina wosalankhulalankhula, Dokotala Oppermann, amene anaboola mitanda n'kutengako tizidutswa toti akawerengere zaka za mitengo. Analowanso m'bowo muja chokwawa, tochi kukamwa, ndipo atatuluka anangopempha sopo.

Patapita miyezi itatu anabwera ndi yankho. Ekkehard anaitana a bungwe la mbiri ya tauni, abusa, ndi mtolankhani wa kanyuzipepala kathu. Anavala mkanjo. Ottilie anaphika keke ya maapulo, ndipo Waltraud anati sanamuonepo akuphika mosangalala chonchija.

Dokotalayo anayamba ndi nkhani yabwino: mitengo ya nyumbayo inadulidwa kale kwambiri kuposa momwe Ekkehard ankanenera, ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Ekkehard anayang'ana anthu mmodzimmodzi, chifuwa patsogolo. Kenako mayiyo anatembenuza pepala. Meya sanakhalemo. Mabuku akale a tauni ankasonyeza kuti munkakhala ofufuta zikopa, mibadwo isanu, ndipo oyandikana nawo anakawadandaulira kangapo chifukwa cha fungo. Njira yachinsinsi ija inali ngalande yotayira madzi onyansa a zikopa kukamtsinje ka kuseri. Ekkehard anali atalowetsamo mitu ya alendo mazanamazana.

"Koma mkango," anatero Ekkehard, mawu atachepa.

Dokotala Oppermann anati chosemacho n'cha posachedwa, sichinakwane n'komwe zaka zana, ndipo sakanalumbira kuti ndi mkango.

"Ndi nkhumba," anatero Ottilie, akuthirira abusa khofi. "Anasema ndi bambo anga ataledzera. Ndinawagwirira mpando ndine."

Mtolankhani ankalemba mothamanga. Ekkehard anavula chipewa, nachiyang'ana mkati ngati mwagwera kanthu.

"Zaka khumi ndi ziwiri, Ottilie. Unali chete bwanji?"

"Simunandifunsepo, Bwana Meya. Munafunsa mabuku, munafunsa abusa, mpaka mitanda mwaifunsa. Ine munkangondifunsa ngati mkanjo wauma. Idyani keke."

Anthu anadya kekeyo mwachangu n'kubalalika. Lachinayi nkhani inatuluka m'nyuzipepala, ndi chithunzi cha nkhumba ija, ndipo kumalo omwera mowa anthu akamuona Ekkehard ankalira ngati nkhumba chapansipansi.

Ottilie ankaganiza kuti tsopano apuma. Analakwitsa, ndipo mpaka imfa yake ankavomera kuti pamenepa pokha mwamunayo anamuposa. Manyazi a Ekkehard anali a sabata imodzi. Loweruka lachiwiri anatulukanso, nthenga ili pamutu, akuuza alendo kuti ofufuta zikopawo sanali anthu wamba, ankafufutira mafumu zikopa za zishalo. Nkhumba ija inasanduka nguluwe, nyama ya alenje olimba mtima. Alendo anajambula monga kale. Iwo nkhumba ndi mkango n'chimodzimodzi, bola basi isawasiye.

Chimene chinamuchotsa pakhomopo ndi mkanjo womwewo. Mmawa wina anauponda akutsika masitepe, nagubuduzika, n'kuthyoka m'chiuno. Machira anakanika kukhota m'masitepe opapatizawo, choncho ozimitsa moto anamutulutsira pawindo lam'mwamba, atamumanga ngati mtolo wa nkhuni, tsiku la msika, bwalo litadzaza. Ali m'malere choncho, ankauza wozimitsa moto kuti asakhudze mtanda wa pawindo chifukwa ndi wa mtengo wapatali.

Madokotala atanena kuti sadzakweranso masitepe, Ottilie sanadikire kuti atuluke m'chipatala. Nyumbayo inali m'dzina lake. Anaipereka kwa akuluakulu a tauni, napeza malo m'mdadada watsopano wa nyumba zosanja wa kufupi ndi siteshoni ya sitima, wamakoma oyera, wokhala ndi chikepe chokwezera anthu m'mwamba, wotentha mkati popanda munthu kusonkha moto. Anatenga mipando inayi, bedi ndi mapoto. Mkanjo anaupatsa gulu la zisudzo la kusukulu. Chikwangwani chamkuwa chinaikidwa ndithu chaka chotsatira. Chinatchula ofufuta zikopa, chinatchula butchala ya a Haberkorn, koma dzina la Lutz panalibe, ndipo Ekkehard analemba makalata anayi odandaula omwe sanayankhidwe.

M'mdadadamo Ekkehard anakhala chete miyezi iwiri, akuphunzira kuyenda ndi ndodo. Mwezi wachitatu anapeza kachitsulo kadzimbiri m'maluwa a panja, nayamba kuuza anthu m'chikepe kuti pamalopo panachitika nkhondo yaikulu kalekale. Posakhalitsa achikulire a m'mdadadamo anayamba kukonda masitepe, ati n'kolimbitsa mtima.

Nthawi imeneyo makutu a Ottilie anali atayamba kufa, ndipo anali ndi kachipangizo komuthandiza kumva. Tsiku lina pa chakudya chamasana, Ekkehard atafika pa chiwerengero cha akavalo amene anafera pankhondoyo, Ottilie anakachotsa m'khutu, nakaika m'kabati ya masupuni. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo Waltraud, amene ankamuyendera Lachitatu lililonse, ankati m'zaka zimenezo ndi momwe ananenepako.